Chifukwa Chake Mabanki Aakulu Amaika Padera Mitengo ya Chakudya ndi Mafuta

Mwezi uliwonse ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, imalengeza mmene mitengo ya zinthu yakwerera m'dziko muno. Imapereka ziwerengero zitatu: cha zinthu zonse pamodzi, cha chakudya chokha, ndi cha zinthu zina zonse zimene si chakudya. Kanayi pa chaka komiti yoona za kayendedwe ka ndalama ku Reserve Bank of Malawi imakumana n'kugamula ngati chiwongoladzanja chikwere, chitsike kapena chikhale pomwepo. Amene amawerenga zikalata za komitiyi amadziwa kuti imakamba za chakudya pachokha, za katundu wina pachokhanso. M'maiko ena mabanki aakulu amapitirira pamenepo, moti pa chiwerengero chimene amachiyang'anitsitsa amachotsamo chakudya, mafuta ndi magetsi.

Kwa mlimi wa ku Bembeke kapena wamalonda wa pa Chimbiya, zimenezi zimamveka ngati chipongwe. Ndalama za pakhomo zimathera pa chimanga, mafuta ophikira, ndiwo, makala ndi ulendo wa minibasi; akachotsa zimenezo, nanga chatsala n'chiyani choti awerenge? Funsoli ndi lomveka, ndipo akatswiri a zachuma okhaokha akhala akutsutsana pa nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 50.

Dengu loyezera mitengo

Pofuna kudziwa mmene mitengo yakwerera, a NSO amayerekeza dengu lalikulu la zinthu zimene mabanja amagula: ufa, mpunga, nyemba, shuga, sopo, zovala, lendi, magetsi, mankhwala, fizi, mayendedwe ndi zina zambiri. Chinthu chilichonse chimapatsidwa kulemera kwake molingana ndi gawo la ndalama limene mabanja amawonongerapo, ndipo izi amazidziwa kuchokera ku kafukufuku wa m'makomo yemwe amachitika pakapita zaka zingapo. Ogwira ntchito amayenda m'misika ya m'tauni ndi ya kumidzi kulemba mitengo, kenaka mtengo wa dengu lonse amauyerekeza ndi wa mwezi womwewo chaka chatha.

M'dengu la Malawi chakudya chimatenga pafupifupi theka, ndipo pa chakudyacho chimanga ndicho mwini bwalo. Ku United States chakudya sichifika ngakhale pa 15 peresenti ya dengu lawo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukukumbukira, chifukwa nzeru yoika chakudya padera inabadwira kumene chakudya ndi kagawo kochepa ka zogula.

Chiwerengero chotsala akachotsa chakudya ndi mafuta pa Chingerezi amachitcha core inflation, kunena kuti phata la kukwera kwa mitengo. Si maiko onse amene amachiwerengera mofanana. Ku Japan amachotsa zakudya zosachedwa kuwonongeka zokha, mafuta n'kuwasiya momwemo. Ku Australia ndi ku Canada ali ndi njira inanso: mwezi uliwonse amataya zinthu zimene zakwera kwambiri ndi zimene zatsika kwambiri, kaya zikhale zotani, n'kuwerengera zapakati.

Chida chimene banki ili nacho

Banki yaikulu silima, sigulitsa mafuta, ndiponso siika mitengo pa msika. Chida chake chachikulu ndi chiwongoladzanja chimene mabanki ena amatsatira pobwereketsa ndalama. Ilinso ndi mphamvu yolamula gawo la ndalama za makasitomala limene mabanki ayenera kusungitsa kwa iyo osabwereketsa, komanso imatha kugulitsa zikalata za ngongole kuti ichotse ndalama zina m'manja mwa anthu. Zonsezi zimagwira ntchito m'njira imodzi: ngongole zikadula, anthu ndi makampani amabwereka pang'ono, amagula pang'ono, ndipo ogulitsa amaopa kukweza mitengo poona kuti katundu akhalitsa pa shelefu.

Mankhwala amenewa amachiza matenda amodzi, omwe ndi kuchuluka kwa ndalama zolimbirana katundu wochepa. Koma mtengo wa mbatata ya kachewere pa Lizulu ukakwera chifukwa chiwawu chawononga minda, kapena chimanga chikadula chifukwa mvula inadula mmera usanakhwime, gwero lake si ndalama. Chiwongoladzanja chingakwere motani, sichigwetsa mvula ndipo sichibwezeretsa mbewu yomwe yapserera. Mtengo wa mafuta nawo umapangidwira kutali. Dziko lino silikumba mafuta. Amabwera kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, pa mtengo umene msika wa dziko lonse wagamula. Komiti yokhala ku Lilongwe singasinthe mtengo umenewo.

Pali nkhani ya nthawinso. Chigamulo cha banki sichimveka pa msika mawa lake. M'maiko amene anthu ambiri amadalira ngongole za kubanki, zotsatira zake zimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri kuti zionekere mokwanira. Mtengo wa chimanga suyembekeza choncho. Chaka chilichonse umatsika pakati pa Epulo ndi Juni anthu akakolola, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka. Tomato ndi kabichi ndiye amasintha mtengo pa sabata imodzi. Banki ikanati izithamangitsa kusintha konseku, bwenzi ikukweza chiwongoladzanja m'miyezi ya njala, mphamvu yake n'kudzafika pa msika chimanga chatsopano chitalowa kale m'nyumba, mitengo itatsika yokha. Mankhwala akanafika wodwala atachira, n'kumudwalitsanso.

Ndipo kudwalako kuli ndi eni ake. Wamalonda wotenga mbatata ku Dedza kupita nayo ku Lilongwe pa lole yobwereka, gulu la alimi lofuna ngongole ya pampu yothirira, kampani yogaya ufa yofuna kugula makina atsopano, onsewa amalipira zambiri chiwongoladzanja chikakwera. Chaka cha chilala mabanja amakhala atasauka kale, popeza ndalama zonse zapita ku chakudya ndipo zogulira zina palibe. Kuwonjezera kudula kwa ngongole pa nthawi yotere kumachepetsa ntchito ndi malonda, chonsecho thumba la chimanga silinawonjezekepo ngakhale limodzi.

Cholinga choika chakudya ndi mafuta padera, tsono, n'kufuna kuona kumene mtsinje ukulowera popanda kusokonezedwa ndi mafunde. Lendi, malipiro a telala, mtengo wometera, fizi ya sukulu ndi zina zotere sizisinthasintha. Zikayamba kukwera zonse pamodzi mwezi ndi mwezi, ndiye kuti vuto lazika mizu ndipo ndi la mtundu umene banki ingathane nawo.

Kumene nzeruyi inachokera

Njirayi inatchuka ku United States m'zaka za m'ma 1970. Mu Okutobala 1973 maiko a Aluya okumba mafuta analetsa kugulitsa mafuta kwa maiko ena, ndipo m'miyezi yochepa mtengo unakwera pafupifupi kanayi. Mitengo ya chakudya inalinso itakwera. Arthur Burns, yemwe ankatsogolera banki yaikulu ya dzikolo ya Federal Reserve kuyambira 1970 mpaka 1978, ankakhulupirira kuti zimenezi zinali ngozi zongodutsa zosakhudzana ndi ndalama. Stephen Roach, katswiri yemwe ankagwira ntchito m'bankiyo pa nthawiyo, anafotokoza pambuyo pake kuti Burns ankalamula antchito kuchotsa pa chiwerengero mafuta, kenaka chakudya, kenaka zinthu zinanso zimene zinkakwera, mpaka gawo lalikulu la dengu linatha. Zotsalazo zinkakwerabe. Mu 1975 katswiri wina, Robert Gordon, analemba za njira yowerengera mitengo popanda chakudya ndi mafuta, ndipo kuyambira pamenepo inakhala njira yodziwika.

Mbiriyi ili ndi chenjezo lake. Pochedwa kuchitapo kanthu, dziko la America linalola kukwera kwa mitengo kulowa m'malipiro ndi m'maganizo a anthu, ndipo Paul Volcker, yemwe anayamba kutsogolera bankiyo mu 1979, anachita kukweza chiwongoladzanja kufika pafupifupi 20 peresenti kuti zinthu zibwerere m'malo. Anthu ambiri anachotsedwa ntchito m'zaka zimenezo.

Kuika padera si kunyalanyaza

Anthu ambiri amamva ngati mabanki aakulu salabadira mtengo wa chakudya. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa iwo, polonjeza mlingo umene akufuna kufikapo, amalonjeza pa dengu lonse. Bank of England ndi European Central Bank amafuna 2 peresenti pa zinthu zonse, chakudya ndi mafuta zili momwemo. Federal Reserve, yomwe inalengeza mlingo wa 2 peresenti mu 2012, imayezanso pa zinthu zonse, ngakhale imakamba kwambiri za phata polosera zam'tsogolo. Bank of Zambia imafuna pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Reserve Bank of Malawi imafuna kuti m'kupita kwa nthawi mitengo izikwera ndi 5 peresenti pa chaka, ndipo mlingo umenewu ndi wa dengu lonse. Phata ndi chounikira njira chabe.

Alipo ochepa amene anasankha kulonjeza pa phata lenilenilo. Bank of Uganda yakhala ikutero kuyambira 2011, pa mlingo wa 5 peresenti, itachotsa zokolola za kumunda, mafuta, magetsi ndi madzi. Bank of Thailand inatsata njira yomweyo kuyambira 2000, koma mu 2015 inasintha n'kuyamba kutsata dengu lonse, mwa zina chifukwa ndilo limene anthu wamba amalimva m'thumba. Ngakhale ku America komweko, James Bullard, yemwe ankatsogolera nthambi ya Federal Reserve ya ku St. Louis, anadzudzula poyera mu 2011 chizolowezi chodalira phata, ponena kuti chimalekanitsa banki ndi anthu amene amaona mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chake kuno nkhaniyi ndi yovutirapo

M'dziko limene chakudya ndi theka la dengu, kuchichotsa n'kutaya theka la nkhani. Komanso ganizo loti mtengo wa chakudya ukakwera umabwerera wokha silikwaniritsidwa nthawi zonse. Mvula ikavuta zaka ziwiri zotsatizana, fetereza n'kudulanso, mtengo wa nthawi yokolola chaka chino umayambira pamwamba pa wa chaka chatha.

Choopsa chachikulu n'chakuti mtengo wa chimanga sukhala pa chimanga pokha. Waganyu amene amapalira mbatata ku Lobi amawerengera malipiro ake poona mtengo wa ndowa ya chimanga. Mwini nyumba pa boma la Dedza amakweza lendi, wakabaza amakweza mtengo wa ulendo, ogwira ntchito amapempha malipiro owonjezera, ndipo wogulitsa m'golosale amaika mtengo wa mawa pa katundu wa lero. Mafuta nawo amayenda chimodzimodzi: dizilo akakwera, amakwezanso mtengo wa chigayo, wa lole yonyamula kabichi pa msewu wa M1, ndi wa thumba la simenti. Apa ndipo pamene banki yaikulu imalowererapo. Kukwera koyamba, kochokera ku chilala kapena ku msika wa kunja, imatha kukupirira. Kukwera kwachiwiri, kumene kumabwera chifukwa aliyense wayamba kuyembekezera kuti zinthu zipitirira kudula, ndiko imayesetsa kuletsa, pakuti kukakhazikika sikutha ngakhale mvula itagwa bwino.

Zaka zapitazi zaonetsa mbali zonse ziwiri. Chilala cha 2015 mpaka 2016 chinakweza mitengo kupitirira 20 peresenti. Zokolola za 2017 zitachuluka, mtengo wa chimanga unagwa kwambiri moti alimi ambiri analira, ndipo pofika Disembala chaka chimenecho chiwerengero cha zinthu zonse chinali chitatsikira pafupi ndi 7 peresenti. Chiwongoladzanja cha banki yaikulu, chomwe chinali pa 27 peresenti mu 2016, chinatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka 16 peresenti kumapeto kwa 2017. Pamenepo chakudya chinachita monga mmene mabuku amanenera: chinakwera, n'kubwerera chokha.

Kuyambira 2022 zinthu zinayenda mwina. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, yomwe inakula mu Febuluwale chaka chimenecho, inakweza mitengo ya fetereza, tirigu, mafuta ophikira ndi mafuta a galimoto. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga minda ndi miyoyo m'chigawo cha kummwera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Kenaka ng'amba ya El Niño inachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Kumayambiriro kwa 2024 chiwerengero cha zinthu zonse chinafika pa 35 peresenti. Cha chakudya chinapitirira 40, ndipo cha zinthu zosakhala chakudya chinali chitadutsa 20. Chiwerengero chomalizachi ndicho chinasonyeza kuti vuto silinali la m'munda mokha. Chiwongoladzanja, chomwe chinali pa 12 peresenti mu 2021, chinakwezedwa kasanu: 14 ndi 18 mu 2022, 22 ndi 24 mu 2023, ndi 26 mu Febuluwale 2024.

Mfundo ina imene imasokonekera kawirikawiri ndi yakuti chiwerengero cha NSO cha zinthu zosakhala chakudya si chimodzimodzi ndi phata la ku America. Mafuta a galimoto, magetsi ndi makala zili momwemo, m'magulu a mayendedwe ndi a zapanyumba. Choncho mtengo wa petulo ukasinthidwa, chiwerengero chimenechi chimadumpha nthawi yomweyo. Ndipo popeza katundu wambiri wa m'gululi ndi wochokera kunja, chimatsatira kwambiri mphamvu ya kwacha ndi kupezeka kwa ndalama zakunja. Anthu a ku Dedza sachita kuuzidwa zimenezi. Malire ndi boma la Angónia ku Mozambique ali pakhomo, ndipo mtengo wa chimanga, nyemba kapena mbatata yodutsa pamenepo umasintha molingana ndi mmene kwacha ikusinthidwira ndi metikali. Apa zikuoneka kuti ngakhale mtengo wa chakudya uli ndi mbali ina imene imakhudzana ndi ndalama, osati mvula yokha.

Chida cha banki chili ndi malire enanso kuno. Mabanja ambiri a kumidzi sabwereka kubanki. Amadalira banki mkhonde, achibale kapena katapila, komwe chiwongoladzanja sichitsata zimene komiti yagamula. Wobwereka wamkulu m'mabanki a m'dziko muno ndi boma lenileni, ndipo boma likamawononga zambiri kuposa zimene limatolera, limathira ndalama pa msika pomwe banki ikuyesa kuzichotsa. N'chifukwa chake ndondomeko ya bajeti ndi ya banki yaikulu ziyenera kukokera kumodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga chakudya ndi mafuta amaziona ndani?

Banki yaikulu ikanena kuti kukwera kwa chimanga si ntchito ya chiwongoladzanja, sikuti palibe woyang'anira. Chimanga chosungira nthawi ya mavuto chili m'manja mwa National Food Reserve Agency, yomwe nkhokwe zake zazikulu zili ku Kanengo. ADMARC imagula ndi kugulitsa mbewu m'misika yake, ndipo unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira zokolola kwa alimi. Ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo, yomwe inayamba ngati FISP mu 2005 n'kusinthidwa kukhala AIP mu 2020, ulimi wamthirira, misewu ya kumidzi, ndi zigamulo zokhudza kulowetsa kapena kutulutsa chimanga m'dziko, zonsezi zimakhudza kuchuluka kwa chakudya pa msika mwachindunji kuposa mmene banki ingachitire.

Mitengo ya mafuta ndi magetsi imagamulidwa ndi bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority. Pa mafuta, ndondomeko yake imati mtengo usinthidwe pamene ndalama zofikitsira mafutawo m'dziko zasintha ndi zoposa 5 peresenti, ndipo pali thumba lapadera lothandiza kuti mtengo usamadumphedumphe. Mtengo ukasungidwa pamodzi nthawi yaitali pamene wa kunja ukukwera, chiwerengero chimaoneka chodekha, koma ngongole imaunjikana kwa oitanitsa mafuta, mizere imayamba pa malo omwetsera, ndipo tsiku losintha mtengo umalumpha kamodzi n'kamodzi.

Kawerengedwe ka ziwerengerozi

Chilengezo chikanena kuti kukwera kwa mitengo kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 25 peresenti, sichikunena kuti zinthu zatchipa. Chikutanthauza kuti zikudulabe, koma mosathamanga ngati kale. Tiyerekeze katundu amene chaka chatha anali pa K10,000: pa 25 peresenti, lero ali pa K12,500. Kuti mtengo ubwerere m'mbuyo, chiwerengerocho chiyenera kutsika kupitirira ziro, zomwe pa dengu lonse sizichitikachitika, ngakhale pa chimanga chokha zimachitika chaka cha zokolola zambiri.

Chiwerengerochi ndi cha dziko lonse, osati cha banja limodzi. Banja limene lakolola chimanga chokwanira chaka chonse silimva kukwera kwake monga mmene amamvera wogwira ntchito wa m'tauni, ndipo kwa amene ali ndi chogulitsa, mtengo wokwera ndi phindu. Banja limene linagulitsa zokolola mu Meyi pofuna fizi n'kudzagulanso chimanga chomwecho mu Januwale limamva kuposa mmene chiwerengero chikunenera. Mlimi wa mbatata amene fetereza, mankhwala opopera ndi mayendedwe zamudulira kuposa mmene mbatata yakwerera amakhala wataya, ngakhale chiwerengero cha chakudya chikusonyeza kuti ogulitsa zakudya akupeza bwino.

Kwa amene akuganiza zotenga ngongole kapena kusunga zokolola kuti adzagulitse mtsogolo, kuyang'ana ziwerengero ziwirizi limodzi kumathandiza. Cha chakudya chikamatsika nthawi yokolola pamene cha zinthu zina chili chikwerere, komiti sifulumira kutsitsa chiwongoladzanja, ndipo ngongole za kubanki zimakhalabe zodula. Zonse ziwiri zikamatsika miyezi ingapo motsatizana, mpata wotsitsa umakula, monga zinachitikira mu 2017. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi zimapezeka pa tsamba la pa intaneti la NSO, ndipo chikalata chofotokoza chigamulo cha komiti ndi zifukwa zake chimatulutsidwa ndi Reserve Bank of Malawi pa tsamba lake komanso m'manyuzipepala msonkhano uliwonse ukatha.